Gitala ya Agogo ndi Banga Lake

Anzanga ambiri amene anaona gitala yanga pa tsiku lotsekera sukulu akhala akundifunsa funso limodzi, kuti, "Kodi iwe ndiwe wamanzere?" Ena afika pondipatsa moni ndi dzanja lamanzere pofuna kundiseka. Tsono popeza akonzi a magazini yathu andipatsa malo, ndati ndiwayankhe onse pamodzi, kutinso amene adzafune kukhoma gitala yake asadzagwe m'mbuna imene ndinagwamo ine.

Kwathu ndi kwa Malenga Chanzi, m'boma la Nkhotakota, m'mbali mwa nyanja. Agogo anga aamuna ndi mmodzi wa amuna aja amene anapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela, ulendo umene boma linauletsa mu 1974 ndege yonyamula anthu a ku migodi itagwa ku Francistown. Pobwera kumudzi anatenga sutukesi, bulangeti ndi gitala ya Gallotone. Magitala amenewa ankapangidwa ku South Africa komweko, ndipo anali otsika mtengo, a timatabwa topyapyala tomata pamodzi. Koma musawapeputse, pakuti John Lennon, amene pambuyo pake anatchuka ndi gulu la Beatles, mu 1957 ankaimba gitala ya mtundu womwewu ku Liverpool. Ya agogo inakhala zaka zambiri iri lende pa msomali, kufikira chiswe chinaipeza. Mimba yonse inatha. Chotsala chinali khosi lokha ndi zitsulo zake zokungira nsambo.

Pa tchuthi chachikulu cha mu Ogasiti agogo anandiitana nandipatsa khosi lija. Anati, "Mdzukulu wanga, zala zanga zauma koma makutu akadalipo. Ndimve kulira kwake kamodzi ndisanapite." Mawu amenewo sanandigonetse tulo. Ndinagwira ganyu woumba njerwa masabata atatu, ndipo ndalama zake ndinapita nazo kwa mmisiri wina wa matabwa ku Linga, amene ife timangowatcha afundi, monga tichitira ndi amisiri onse kwathu kuno.

Afundi anandidulira ziwalo zonse za mimba: nkhope yokhala ndi bowo lake, msana, ndi nthiti ziwiri zimene anaziviika m'madzi otentha nazipinda pa chipika. Atatha anati, "Mwana iwe, ndalama zako zathera pamenepa. Kumata, kusalaza ndi kupaka ndi kwako." Ndinamanga zonse pa njinga ndi chingwe, ndi kubwerera kumudzi ndikuimba mluzu.

Pano ndiyenera kufotokoza za thabwa lake, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Linali la pulayi. Pulayi si thabwa limodzi ayi. Ku fakitale amazunguza chipika pa mpeni wautali ndi kuchisenda monga munthu afunyulula mphasa, ndipo timasamba topyapyala timene tituluka amatimata titatu kapena tisanu, kamodzi mitsempha yake kuloza uku, kotsatira mopingasa. Ndicho chifukwa chake pulayi sang'ambika msanga. Wanga anali wa timasamba titatu, kuchindikala kwake ngati mamilimita 4, koma kasamba kapamwamba, kamene maso amaona, sikanafike ndi milimita imodzi yomwe. Afundi anandiuza zimenezi kawiri. Ine ndinavomera ndi mutu, mtima uli ku nyimbo.

Nditamata zonse ndi guluu woyera uja wa matabwa, ndinabwerera ku Linga kukagula utoto. Sindinafune penti. Penti imakhala pamwamba pa thabwa ndi kuphimba zonse, zabwino ndi zoipa zomwe. Ine ndinafuna utoto wolowa m'thabwa, wofiirira ngati mbawa, woti mitsempha idzioneka monga inkaonekera pa gitala ya agogo. Afundi anatenga gitala ija, nanyowetsa kansalu, napukuta nkhope yonse. Anati, "Usanapake kanthu, yamba wafunsa madzi. Pamene madzi akana kulowa, utoto udzakananso." Ndipo taonani, nkhope imene ine ndinkaiyesa yosalala inaonetsa zilema zitatu.

Choyamba chinali kadzenje kotalika ngati chala, pamene chingwe cha pa njinga chinakanikiza. Ichi chinatha mosavuta, ndipo kufikira lero ndimachikumbukira ngati matsenga. Afundi anayala kansalu konyowa pa kadzenjeko, naikapo nsonga ya simbi ya makala kanthawi kochepa. Nthunzi inalowa m'thabwa, mitsempha yopsinjika ija inatupa, ndipo kadzenje kanadzuka. Anandichenjeza kuti njira imeneyi ithandiza pokhapokha thabwa litangopsinjika. Ngati mitsempha yaduka ndi mpeni, nthunzi siingathe kuilumikiza. Anatinso simbi isakhalitse, chifukwa kutentha kochuluka kumafewetsa guluu wa pansi.

Chachiwiri chinali thuza. Chidutswa cha pulayi chija chinagona pansi dzinja lonse, ndipo chinyontho cha kunyanja kuno chinamatula kasamba kapamwamba pa malo amodzi. Ukagogoda ndi chikhadabo pankalira mwa mphako. Tinacheka thuzalo ndi lezala motsata mitsempha, tinalowetsa guluu ndi kanthenga ka nkhuku, tinafinya wotsala atuluke ndi kumpukuta, kenaka tinayala pepala la pulasitiki ndi kusanjikapo njerwa usiku wonse. M'mawa mwake mzere wa lezala sunkaoneka konse.

Chachitatu ndinachilenga ndekha. Pomata ndinagwira nkhope ndi chala cha guluu, pamwamba pa bowo. Guluu woyera akauma saoneka, koma amatseka timabowo ta thabwa, kotero madzi aja anangodutsa, pamalopo ndi kutsala mbee. Afundi anati ndikatenge phale la botolo, longa lija tipalira mipini ya makasu, ndikapale pang'onopang'ono, ndikunyowetsa ndi kuyang'ana. Pambuyo pake ndikasalaze nkhope yonse mofanana ndi sandipepala wosalala wa nambala 220, wokulunga pa kachipika, motsata mitsempha nthawi zonse, chifukwa zikande zopingasa zimamwa utoto ndi kuda ngati mphini.

Ndinapala tsiku limodzi, banga losachoka. Masiku a tchuthi anali kutha. Tsiku lachiwiri mtima unandikwera. Ndinatenga sandipepala wokhakhala wa nambala 80, amene ndinagulira m'mphepete, ndinamkulunga pa chala, ndi kuyamba kukhula pamalo pomwepo ndi mphamvu zonse. Akulu anati safunsa anadya phula, koma ine ndinali woipa koposa safunsa, pakuti ndinafunsa, ndinayankhidwa, ndipo phula ndinadyabe.

Poyamba mitsempha ya thabwa inazimirira. Ndinakondwa, ndikuti banga likutha. Kenaka panaoneka mkombero wotuwa, ndipo pakati pa mkomberowo panatuluka mitsempha ina yoloza mopingasa. Dzanja linaima lokha. Ndinali nditaboola kasamba kapamwamba, ndadutsa guluu wa ku fakitale, ndafika pa kasamba kapakati. Malowo anali aakulu ngati dzira la nkhuku.

Chimene ndinachita pamenepo ndichita nacho manyazi polemba. M'malo mothamangira kwa afundi, ndinatsegula botolo la utoto, ndikuti ukada udzabisa. Sindinayese n'komwe pa kachidutswa kotsala monga anandiuzira. Nkhope yonse inatenga mtundu wokongola ndithu. Koma mkombero wa guluu unakana utoto, pamene kasamba kapakati kanaumwa mopitirira. Pamwamba pa bowo panatuluka diso lalikulu, lakuda pakati ndi loyera m'mbali, londiyang'ana ngati diso la ng'ombe. Ndinapakanso kachiwiri, diso ndi kungowonjezera kuda. Mlongo wanga wamng'ono ataliona anathawira kukhitchini akuseka. Usiku umenewo ndinabisa gitala pansi pa bedi, ndipo agogo atafunsa ndinati utoto sunaume.

Afundi sanandikalipire. Anayang'ana nthawi yaitali, nati, "Thabwa limene wachotsa silibwerera." Ine ndinati, "Afundi, nanga titathira utuchi wosakaniza ndi guluu?" Anapukusa mutu, nati utuchi wa guluu utseka kabowo ka msomali, koma pa malo aakulu chotere udzangokhala banga lina, popeza nawonso sumwa utoto mofanana ndi thabwa. Anandiikira njira zitatu. Kumatula nkhope yonse ndi kudula ina, koma ndalama ndinalibe. Kupaka penti yakuda gitala yonse, koma pamenepo sikanakhalanso yonga ya agogo. Kapena kuika chigamba.

Tinasankha chigamba. M'mulu wa zinyalala afundi anatola kachidutswa ka mlombwa, mtengo uja ukatemedwa umatuluka madzi ofiira ngati magazi. Ndinakhala masiku awiri ndikukapala kufikira kanapyapyala ngati katoni, chifukwa nkhope ya gitala iyenera kunjenjemera kuti mawu atuluke, ndipo chinthu cholemera chikamatidwapo mawu amafa. Tinakadula mozungulira ngati tsamba, tinapala utoto pamalopo kuti guluu agwire, ndi kukamata pa diso lija. Nditapaka vanishi katatu, ndikusalaza mopepuka pakati pake, mlombwa unawala koposa gitala yonse.

Tsono mverani chimene chabala funso lanu lija. Magitala a m'sitolo ali nako kachigamba kotere, koteteza nkhope ku zikhadabo, koma kamakhala pansi pa bowo, kumene dzanja limatsikira pokhwacha nsambo. Kanga kali pamwamba pa bowo, pamene kakanakhala gitala ikanapangidwira munthu wamanzere. Aliyense wodziwa gitala amaona zimenezi msanga.

Kutatsala masiku awiri kuti sukulu zitsegulidwe, ndinakunga nsambo ndi kupita nayo kwa agogo. Anali pakhonde, mwera ukuomba. Panjira ndinakonza bodza loti chigamba chija ndi chokongoletsa chabe. Agogo maso awo saona bwino tsopano, kotero anailandira ndi kuyamba kuisisita ndi manja, kuyambira ku khosi lawo lakale kutsikira ku mimba. Chala chachikulu chitafika pa mlombwa chinaima. Anati, "Apa wabisapo chiyani?" Bodza lija linandiuma pakamwa, ndipo ndinawauza zonse, za sandipepala, za diso, ndi za usiku uja ndinati utoto sunaume.

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anatembenuza khosi, nandigwiritsa kumbuyo kwake pamene pali chipsera chakuda chimene ine ndinkachiyesa mfundo ya mtengo. Anati anachiotcha okha ndi kandulo ku komponi, sabata yoyamba ataigula, ndipo anakhala mwezi wathunthu osaionetsa anzawo.

Anaikhazika pa ntchafu, nayesa kuimba ndi zala ziwiri, chachikulu ndi chamkombaphala, monga ankaimbira amuna a nthawi yawo. Zala za kumanzere zinakana kupinda. Anayesanso kachiwiri, kenaka anandibwezera nati, "Imba ndiwe, ine ndimvere." Ndinaimba nyimbo ziwiri zokha zimene ndinkadziwa, ndipo anandibwerezetsa kufikira amayi anatiitana ku nsima. Chodandaula chawo chinali chimodzi, chakuti nsambo yachitatu ikulira mwa mphuno, ndipo imeneyo ndikaikonza pa tchuthi chikudzachi.

Mnyamata wa Fomu 3