Mpeni wachiwiri wa msodzi

Ndimasula zitsulo m'mbali mwa nyanja kuno ku Nkhotakota, ndipo mwa zonse zotuluka pachipala changa, makasu, nkhwangwa, zikwanje ndi anangula, chimene chimandikanganitsa kwambiri ndi ogula ndi kampeni kakang'ono. Mpeni wotumbulira nsomba umagona pansi m'bwato, ndipo za umenewo palibe mkangano. Ndikunena wachiwiri, wokhala pathupi pa msodzi, wobisika m'chiuno, umene mwina chaka chimatha osasololedwa. Nthawi yake imakwana pamene mwera wagudubuza bwato usiku, mpeni waukulu wamira, ndipo chingwe cha chilimira kapena matchera zamukulunga munthu mwendo. Asodzi ambiri, kuyambira ku Chia mpaka ku Dwangwa, amafuna wopinda. Ine ndimaumirira wosapinda wokhala m'chimake, chifukwa chida choterechi muyeso wake ndi umodzi: kodi chituluka ndi kudula ndi dzanja limodzi lonyowa, mumdima, munthu akulimbana ndi mafunde?

Wopinda umene anthu amautchula ndi Okapi, ndipo sindiunyoza. Unayamba kupangidwa ku Solingen m'dziko la Germany mu 1902, kenako ntchitoyo inasamukira ku South Africa mu 1988, kumene matchona ndi amalonda amakautenga. Chitsulo chake chimamva mwala msanga, ndi wopepuka, ndipo ukatsegulidwa umakhoma, supindika mpaka utakoka kamphete kake. Pamtunda, poduladula nzimbe kapena pokonza ukonde pamchenga, ndi wabwino. Koma kuti mwini wake augwiritse ntchito m'madzi pamafunika zambiri. Apise m'thumba la kabudula wonyowa amene wamatirira pantchafu, awutulutse osautaya, awugwire ndi dzanja lina, kenako akanule ndi zala zimene zauma ndi kuzizira kwa mu Juni kapena Julaye. Dzanja lachiwirilo ndi lomwe lagwira bwato, ndipo akalisiya wasiyana ndi bwato. Komanso popindikirapo pamalowa mchenga ndi mamba a usipa, dzimbiri n'kumanga, moti mpeni umene wakhala miyezi itatu m'thumba umafuna mano kuti utseguke. Timipeni topinda totchipa ta pamsika ndiye tilibe n'chokhomera chomwe. Ukakankha mwamphamvu pachingwe timapindikira pazala.

Mkangano womwewu ulipo ku America pakati pa apolisi ndi anthu ena amene amanyamula kamfuti kachiwiri m'thumba. Ena amakonda Ruger LCP, imene inatuluka mu 2008, chifukwa ndi yopyapyala ndipo magazini yake imalowa zipolopolo 6. Ena samasiya timavolovolo ta Smith & Wesson ta zipolopolo 5, ngakhale n'totupa m'thumba, ponena kuti fumbi ndi ulusi wa m'thumba sizititsamwitsa msanga ndiponso timaombera ngakhale dzanja litagwira mofooka. Ine ndili kumbali ya achiwiriwo, pachifukwa chomwecho cha Okapi. Kwathu kuno nkhaniyo ilibe malo, pakuti lamulo la mfuti la 1967 limafuna chilolezo, ndipo wosula amene amapanga gogodela akudziitanira ndende, makamaka pano pamene African Parks, imene inayamba kuyang'anira nkhalango ya Nkhotakota mu 2015, imalanda mfuti zotere ndi misampha ya waya. Mdani wa msodzi wogudubuzika ndi nayiloni, ndipo nayiloni imafuna mpeni.

Chitsulo ndimatenga ku masipuling'i akale a galimoto. Anzanga ena amakonda tupa wakutha chifukwa amauma kwambiri ndipo sabuntha msanga, koma kuuma kumeneko n'komwe kumamuthyola ukamupotoza pamfundo yolimba. Sipuling'i inapangidwa kuti izipindika n'kubwerera. Ndimaisula mpaka itapyapyala, kudula kutalika kwa chala chapakati, kuitenthetsa pamakala mpaka maginito atasiya kuigwira, n'kuiviika m'mafuta. M'madzi imazizira mwadzidzidzi n'kuchita ming'alu yosaoneka ndi maso. Ndikatero ndimaipukuta kuti iwale, n'kuibwezera pamoto wofatsa kufikira itachita mtundu wa udzu wouma. Ikafika pa mtundu wobiriwira ngati thambo, ndiye kuti yafewa kupitirira. Chitsulocho chimapyola chigwiriro chonse, matabwa a mlombwa uku ndi uku, ndipo chigwirirocho ndimachisema chokhakhala dala, popeza chosalala chimaterera m'dzanja la mafuta a nsomba. Ponola ndimalekera pamwala wokhakhala. Mpeni wometa ndevu umatsetsereka pachingwe chonyowa cha nayiloni, pamene wotsala ndi timano tosaoneka umachiluma. Nsonga ndimaibunthitsa. Apa ogula amadandaula kuti ndawapatsa mpeni wosatha kusulidwa, koma munthu wodula chingwe chimene chamanga mwendo wake amalowetsa mpeni pakati pa chingwe ndi khungu, bwato likumugunda, ndipo nsonga yakuthwa ingamuboole mtsempha.

Chodandaula chachikulu ndi dzimbiri, ndipo n'choona: chitsulo cha sipuling'i chimachita dzimbiri, pamene mipeni yonyezimira ya m'sitolo siichita. Komabe nyanja yathu si ya mchere, ndiye dzimbiri lake limayenda pang'onopang'ono, ndipo pa mpeni wosapinda limangodetsa pamwamba popanda chimene lingamange. Kadontho ka mafuta ophikira pa sabata n'kokwanira. Yonyezimira yotchipa ija chitsulo chake n'chofewa, imabuntha pa zingwe ziwiri. Yonyezimira yabwino ilipo, ndikuvomera kuti imaposa yanga pankhani ya madzi, koma mtengo wake si wa munthu wopalasa bwato la eni.

Ena amati wa m'chimake umasololoka wokha n'kutayika. Ukatayika mlandu ndi wa chimake. Chachikopa chimafewa m'madzi n'kuola, choncho ine ndimatenthetsa kachidutswa ka paipi ya pulasitiki, n'kukafinya pampeni kakadali kotentha kuti kaugwire, ndi kusiya kabowo pansi potulukira madzi. Chimakecho chimamangidwa ndi mphira wa chubu kutsogolo kwa chiuno, pamene dzanja lililonse lingafike, chifukwa sudziwa limene lidzakodwe. Ena amafuna kuuvala m'khosi, koma chingwe cha m'khosi pafupi ndi ukonde ndi msampha winanso.

Chodandaula chimene ndimachilemekeza koposa ndi cha chitetezo cha anthu. Madoko athu amakhala ndi mowa ndi ndalama za usipa, ndipo mpeni wotuluka msanga m'madzi umatulukanso msanga pandewu. Malamulo a dziko lino amaletsa kuyenda ndi chida choopsa pagulu popanda chifukwa chomveka, ndipo msodzi amene ali panyanja chifukwa ali nacho, pamene amene ali m'bala kuboma alibe. Nsonga yobuntha ija imathandizanso apa, pakuti mpeni waufupi wosabaya ndi wovuta kuusandutsa chida chandewu, ndipo wapolisi akauona amazindikira ntchito yake. Ngakhale zili choncho umacheka, n'chifukwa chake ndimauza ogula kuti akakocheza aziuvula limodzi ndi chimake chake, n'kuusiya pamodzi ndi nkhafi ndi nyali.