Buku Lomwe Lidatsala Pang'ono Kupsa



Tsiku lina madzulo, titangomaliza mapemphero a mphakati kuno ku Area 18, mayi wina adatikokera pambali. Adamasula mfundo ya chitenje chawo, natulutsa buku lakale lothothoka masamba, naliyika m'manja mwathu mofulumira ngati likuwatentha. "Akatekisiti," adatero, "ichi ndachipeza m'chikwama cha mwana wanu uja. Ndimati ndichiponye pambaula, koma ndati muyambe mwachiona inu."

Pachikuto pake padali chithunzi cha chinjoka chamapiko chitagona pamulu wa golide. Lidali buku la Chingerezi lotchedwa The Hobbit. Mnyamatayo, yemwe adali mu Fomu 3, adaligula kwa mavenda a mabuku akale ku Old Town ndi ndalama yomwe adapatsidwa yokwerera minibasi, nabwerera kunyumba wapansi. Nkhawa za mayiwo zidali ziwiri. Yoyamba, ankaopa kuti mwana wawo wayamba kuphunzira zaufiti. Yachiwiri, ankadandaula kuti iwo akupsa ndi dzuwa kumsika kusaka fizi, pamene mwanayo akutaya nthawi ndi nkhani zabodza zomwe sizidzabwera pamayeso a Fomu 4.

Sitidaseke, chifukwa nkhawa zonse ziwirizi n'zochokera mumtima wa kholo lokonda mwana wake. Tidangopempha kuti atibwereke bukulo kwa sabata imodzi. Zimene tidalingalira m'sabata imeneyo ndi zomwe tikufuna kugawana nanu lero.

Tiyambe ndi nkhawa ya ufiti. Ambiri mwa ife tidakula tikumva nthano madzulo, moto ukuthetheka, agogo akusimba ife tikuvomera. M'nthanozo Kalulu ankayankhula, Fisi ankakwatira mwana wa mfumu, ndipo mayi wosabereka adaumba mwana ndi dothi, mwanayo nakhala wamoyo mpaka tsiku lomwe mvula idamupeza kutali ndi kwawo. Palibe adatiuza kuti agogo akutiphunzitsa matsenga. Tonse tinkadziwa kuti Fisi akuyimira dyera, ndipo kuti nthano ya Kamdothi ikunena za chisoni cha kholo lotaya mwana. M'buku la John Gwengwe la Sikusinja ndi Gwenembe, lomwe ambiri adaliwerenga kusukulu, mbalame ndiyo idaulula poyimba kuti munthu wapha m'bale wake. Mbalame yotere kulibe m'nkhalango iliyonse ya dziko lino, koma zomwe nkhaniyo ikunena, kuti magazi a m'bale sabisika, n'zoona zenizeni.

Buku lomwe mayi aja adatipatsa ndi nthano ya mtundu womwewo, kungoti ndi yakwina ndiponso ndi yaitali. Likusimba za Bilbo, kamunthu kakafupi kokonda kukhala panyumba ndi kudya bwino, komwe kadatengedwa paulendo wokalanditsa chuma m'manja mwa chinjoka. Chumacho chitapezeka, mtsogoleri wa ulendowo adagwidwa ndi umbombo mpaka kudana ndi abwenzi ake omwe, ndipo Bilbo ndiye adalolera kutaya gawo lake pofuna kupewa nkhondo. M'mabuku otsatira, The Lord of the Rings, omwe adatuluka mu 1954 ndi 1955, nkhani yonse yagona pa mphete yopatsa mphamvu zachilendo, imene imawononga mtima wa aliyense woyisunga, ndipo ngwazi za m'nkhaniyo zikuyenda ulendo wautali kuti zikayiwononge. Ife amene timamva kawirikawiri za anthu ofuna kukhwima kuti alemere msanga, phunziro limeneli si lachilendo kwa ife.

Mlembi wake, J.R.R. Tolkien, adabadwira ku Bloemfontein ku South Africa mu 1892. Bambo ake adamwalira iye ali ndi zaka 4, mayi ake namwalira mu 1904 iye ali ndi zaka 12, ndipo amene adamuyang'anira kufikira atakula adali wansembe wa ku Birmingham, Bambo Francis Morgan. Adakhala Mkatolika moyo wake wonse. Ntchito yake ya tsiku ndi tsiku idali yophunzitsa Chingerezi chamakedzana pa yunivesite ya Oxford. Adagwirako ntchito yokonza mtanthauziramawu wamkulu wa Oxford, ndipo adathandiza kumasulira buku la mneneri Yona mu Jerusalem Bible ya mu 1966. Munthu yemweyo amene masana ankafufuza magwero a mawu, usiku ankalembera ana ake nthano ya chinjoka, yomwe idasindikizidwa mu 1937. Mnzake wapamtima, C.S. Lewis, naye adali mphunzitsi wa pa yunivesite, ndipo ndiye adalemba mabuku 7 a nthano za Narnia pakati pa 1950 ndi 1956. Anthu ozama m'maphunziro ameneŵa sadaone nthano ngati chinthu chochepa.

Tifike tsopano pa nkhawa ya mayeso. Tiyenera kuvomereza kuti ambiri mwa ife kuno ku Lilongwe, kaya ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo kapena ku Area 25, timawerenga pokhapokha mayeso akayandikira. Timaloweza manotsi ndi mapepala a mayeso akale, ndipo tikangolemba pepala lomaliza, makope aja amasanduka zokulungira zitumbuwa. Kenaka timadabwa kuti munthu wa satifiketi yabwino akulephera kulemba kalata yofunsira ntchito. Chiyankhulo chimakhazikika mwa munthu akamakumana ndi mawu kambirimbiri m'nkhani zomukoka mtima. Mwana amene wamaliza buku la masamba 300 popanda womukakamiza waphunzira mawu ochuluka, komanso waphunzira kukhala pansi maola awiri osagwira foni. Luso limenelo ndi lomwe adzalifune m'chipinda cholemberamo mayeso.

Mbiri ya dziko lathu ili ndi anthu omwe moyo wawo udasintha chifukwa cha buku lomwe silidali pa silabasi. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu adasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya mu 2001 ndi 2002. M'kalaibulale ka pasukulu ya pulayimale ya kwawo adapeza buku lotchedwa Using Energy, ndipo ngakhale Chingerezi chinkamuvuta, adatsata zithunzi mpaka adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi dayinamo ya njinga. Anthu ena ankamuyesa wamisala. Nkhani yake idatuluka m'buku mu 2009, ndipo mu 2014 adamaliza maphunziro ake ku Dartmouth ku America. Kale kwambiri iye asadabadwe, mu 1958, Legson Kayira adanyamuka wapansi kuchoka kumpoto kwa dziko lino kukasaka maphunziro, atanyamula Baibulo ndi buku la The Pilgrim's Progress. M'laibulale ina ku Kampala ndi momwe adapeza dzina la koleji ya Skagit Valley, yomwe idamulandira. Ulendo wake adausimba m'buku la I Will Try la mu 1965.

Komabe tikadauza mayi aja kuti nthano zokha n'zokwanira, tikadawanamiza. Tili ku seminale, wansembe wina wokalamba amene ankasunga laibulale ankakonda kutiuza kuti mphika sukhala pafuwa limodzi. Ankafuna kuti aliyense wa ife azikhala ndi mabuku atatu nthawi imodzi: lina lokoma, lowerenga mtima ukufuna, lina lolimba, lofuna pensulo ndi mtanthauziramawu, ndi lina la m'chiyankhulo chomwe tidayamwa. Panthawiyo tinkaona ngati akutisenzetsa katundu. Lero tikuona kuti ankadziwa chomwe ankanena.

Buku lolimba ndi lomwe limatichotsa m'nkhambakamwa. Chaka ndi chaka timapuma pa 15 Januwale pokumbukira John Chilembwe, koma ndi angati mwa ife angafotokoze chomwe chidachitika mu 1915? George Shepperson ndi Thomas Price adalemba mbiri yake mwatsatanetsatane m'buku la Independent African la mu 1958. Mukaliwerenga mudzamva za nkhanza za thangata m'minda ya azungu ku Magomero, komanso mudzapeza kuti pa kuukirako mishoni yathu ya Nguludi idatenthedwa. Mbiri yeniyeni siyikondera mbali, ndipo imatiphunzitsa kusafulumira kuweruza. Ian Linden, m'buku lake la mu 1974, adafotokoza mkangano womwe udalipo pakati pa amishoni oyamba ndi gule wamkulu m'madera ngati Mua. Ndipo ku Mua komweko ndi kumene Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a KuNgoni mu 1976 kuti chikhalidwe chimenecho chisungidwe ndi kumvetsedwa. Bambo Matthew Schoffeleers, a chipani cha Montfort, adatha zaka zambiri akufufuza za Mbona wa ku Khulubvi m'boma la Nsanje, natulutsa buku la River of Blood mu 1992. Kwa wofuna mbiri yonse ya dziko, John McCracken adatulutsa A History of Malawi mu 2012.

Mabuku otere ndi amenenso angatithandize pa mantha enieni a ufiti, omwe si nkhani yosewera. Mu Januwale 2016 ku Neno, anthu okalamba anayi adaphedwa ndi abale awo omwe powaganizira ufiti, mphezi itapha mtsikana wina. Amene adachita zimenezo sadazitenge m'nthano za zinjoka. Chidawasowa ndi kudziwa chomwe mphezi ili, komanso mtima woyamba wafunsa usadaweruze. Buku la sayansi limafotokoza mphezi. Buku ngati Chewa Traditional Religion la Bambo J.W.M. van Breugel, lomwe a Kachere ku Zomba adasindikiza mu 2001, limafotokoza momwe makolo athu ankaganizira za imfa, mizimu ndi ufiti, kuti tizidziwa komwe mantha athu adachokera. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Fuwa lachitatu ndi lomwe timalinyozera kwambiri. Pali achinyamata ambiri mumzinda muno amene amawerenga Chingerezi mosadodoma, koma akapatsidwa kuti awerenge mawu a Mulungu m'Chichewa pa Misa amapunthwa mzere uliwonse. Chonsecho tili ndi chuma chathuchathu. Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, adalemba Nthondo, buku lomwe lidapambana mpikisano wa olemba m'ziyankhulo za mu Africa ndipo lidamasuliridwa m'Chingerezi mu 1934. Iye yemweyo adalembanso Mbiri ya Achewa ndi Msyamboza. Pali Kukula ndi Mwambo la Gwengwe, pali Njala Bwana ndi Madzi Akatayika a Willie Zingani. Ndipo ngakhale olemba athu a m'Chingerezi adatunga m'chitsime chomwechi: Steve Chimombo adatenga Napolo, chinjoka cha m'mapiri chomwe makolo ankati chimagumula nthaka ndi kusefukiza madzi, nachiyika m'ndakatulo zake, Jack Mapanje adatulutsa Of Chameleons and Gods mu 1981, ndipo adakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Mu 2015 Shadreck Chikoti adatulutsa Azotus the Kingdom, nkhani yopeka ya Africa wa zaka mazana zikubwerazo. Tsono chinjoka ndi nkhani zam'tsogolo si za azungu okha.

Sitikunena kuti chilichonse chosindikizidwa n'chabwino. Alipo mabuku olaula, ndipo tilipo timabuku tolonjeza chuma cha usiku umodzi. Muyeso womwe ife timagwiritsa ntchito ndi wosavuta: mukatseka buku, dzifunseni chimene lakusiyirani mumtima. Ngati lakusiyirani chifundo, kulimba mtima kapena njala yofuna kudziwa zambiri, pitirizani. Ngati lakusiyirani chilakolako choipa, chidani kapena kunyoza anzanu, lisiyeni, ngakhale chikuto chake chikhale chokongola. Ndipo makolo, musadayatse moto, funsani mwana kuti akusimbireni zomwe zili m'bukumo. Mwana amene akuwerenga chinthu chochititsa manyazi sangathe kuchisimba pamaso pa amake.

Za kosowa mabuku tisanamizire kwambiri. Likulu la National Library Service lili ku City Centre, mtunda woti wa ku Area 18 akhoza kuyenda wapansi. Mavenda a ku Old Town amagulitsa mabuku akale, ndipo anzanu asanu mutagula limodzi aliyense n'kumabwerekana, aliyense wawerenga asanu.

Sabata itatha tidabweza buku lija kwa mayi aja mnyamatayo ali pomwepo. Tidagwirizana zinthu zitatu: kuti aziwerenga nthano yakeyo akamaliza ntchito ya kusukulu, kuti Loweruka lililonse aziwasimbira amake m'Chichewa pomwe wafika, ndi kuti akalimaliza atenge Nthondo, lomwe tidamubwereka, aziwawerengera mokweza. Mayiwo adavomera, ngakhale nkhope yawo idali isadamasuke kwenikweni.

Patapita masabata atatu tidakumana nawo potuluka m'tchalitchi. Tidafunsa za mwana, iwo nayankha kuti ali bwino ndipo sukulu ikuyenda. Kenaka adatsitsa mawu. "Koma akatekisiti, kamunthu kaja kalowa kokha m'phanga la chinjoka, ndipo mwana wanu akukana kundiuza mpaka Loweruka. Inu mudawerenga. Kodi katulukamo?"

Sitidawauze. Tidawapempha kuti adikire Loweruka.

Ambuye akudalitseni nonse m'sabata ino.