Phokoso la pampu ndi khutu la Ababa

Amene munandiimbira kufunsa ngati ndatsegula chigayo kudimba, yankho lanu ndi ili. Ndi lalitali ndithu, ndiye amene muli panjinga yambani mwatsika.

Mukudziwa kuti ine ndine mwana wa msodzi. Ababa moyo wawo wonse ndi pa Chiuta, matchera ndi mono, ndipo akayamba kufotokoza za 1995, pamene asodzi akuno anathamangitsa a nkacha aja okokolola ndi tiana ta nsomba tomwe, tiyi amazizira m'kapu. Ankafuna bwato lawo lidzakhale langa. Ine ndinasankha dimba. Freddy anatikokolera mu Malichi 2023, chaka chotsatira dzuwa linawotcha chimanga mpaka boma kulengeza za ngozi m'maboma 23, ndiye ndinaona kuti kudikira mvula ndi juga. Ndinakumba chitsime m'dambo kumunsi kwa Ngokwe n'kuyamba tomato. Ababa sanandiletse, koma kuyambira pamenepo kudimbako sanapondeko. Tikamadya ankangofunsa amayi kuti, "Alimi aja zikuyenda?" ine ndili pomwepo.

Kuthirira kunali kwa makheni, awiri pa ulendo, mpaka msana kuuma. Achimwene anga a ku Cape Town ndi amene anandimvera chisoni. Iwo amagwira ntchito pamalo pobwereketsa magalimoto aja okhala ndi bedi, sinki ndi shawa mkati, ngati amene timawaona pa Liwonde alendo akupita kukaona njovu. M'magalimoto amenewo mumakhala kapampu ka 12V kamene kamakoka madzi m'thanki munthu akatsegula mpopi. Kena anakachotsa chifukwa alendo ankadandaula kuti kakuwasokosera usiku, bwana n'kunena kuti katayidwe. Achimwene anakapempha, n'kukapereka kwa transporter, ine ndinakakatenga pa Liwonde.

Kanthu kake n'kochepa, kutalika ngati phazi langa. Pachikwangwani pake analemba malita 11 pa mphindi. Ndinakongola ku banki m'khonde ndalama ya sola, batire ndi payipi, inu mukudziwa mmene zinthu zinadulira kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndinakakhomera pathabwa, thabwalo n'kulikhazika pa dilamu lachitsulo pafupi ndi chitsime. Masabata atatu oyamba zinali bho. Kankalira "drrrr", madzi akutuluka mwamphamvu, ine ndikuimba mluzu.

Kenako tsiku lina m'mawa kanasintha mawu. M'malo mwa "drrrr" kanayamba "khwa-khwa-khwa-trrr", dilamu lonse likunjenjemera, madzi akutuluka molavula ngati mwana amene wakana phala. Mayi ena a dimba loyandikana nane anafuula kuti, "Iwe, mbalame zathawa kale, zimitsa!"

Apa tsopano ndiulule uchitsiru wanga. Sindinayang'ane chilichonse. Ndinamasula pampu, kuikulunga m'thumba, ulendo kwa makaniko wina wa njinga zamoto patauni pathu. Iye anailumikiza ku batire pabenchi, popanda madzi, kuimvetsera pang'ono n'kunena kuti, "Mota yapita iyi, mabeyaring'i atha. Kagule ina ku Balaka, kapena undisiyire ndiiphwasule." Munthuyo sindikumunena, injini za njinga amazidziwa. Koma pampu yamtunduwu ikamayenda youma imasokosera basi, ngakhale yatsopano. Ine sindinkadziwa, nayenso sankadziwa.

Usiku umenewo tulo sindinatione. Tomato anali atayamba maluwa, ndipo aliyense wadimba akudziwa kuti tomato wa maluwa akamva ludzu masiku awiri m'dzuwa la Okutobala, maluwa amayoyoka. Ngongole inali yoti ndibweze kutha kwa Novembala. Ndinawerengera thiransipoti ya Ngokwe mpaka Ntaja, Ntaja mpaka Liwonde, Liwonde mpaka Balaka, kupita ndi kubwera, pampuyo ndisanaigule n'komwe, ndipo ndinayamba kuganiza zogulitsa foni. Kuposa zonse ndinkaopa nkhope ya Ababa. Sakananena kanthu, ndipo ndi zimenezo zimene zimapweteka.

Ndinatumiza voice note kwa achimwene. Anayankha pakati pausiku atatsika kuntchito, ndipo poyamba anangoseka. "Mphwanga, usaiphwasule. Kuno timalandira madandaulo amenewo sabata iliyonse, ndipo kawirikawiri vuto silikhala mota. Kaibwezeretse, uyambe ndi zosalira ndalama."

Anandifotokozera mmene imagwirira ntchito, ndipo ndikuuzani chifukwa ambiri mwayamba kugula zoterezi. Mkati mulibe chopukusa madzi ngati pampu za petulo zija. Muli labala lathyathyathya limene mota imalivinitsa, kukoka kenako kukankha, ndi timavavu tolola madzi kupita mbali imodzi yokha. Ili ngati mtima. Ndiye kulira pang'ono sikungathe, ndi mmene ilili. Koma labalalo likamakankha mpweya m'malo mwa madzi, kapena likamakoka madzi osabwera, ndi pamene limakuwa.

Kutacha ndinayamba. Batire: ndinabwereka kamita koyezera kwa mnyamata wotchajitsa mafoni, kanaonetsa 12.6, ndiye kuti lodzadza. Mawaya sanali otentha. Sefa, kaja kagalasi kokhala kupayipi yokoka: ndinakatsegula, munalibe ndere kapena mchenga, chifukwa ndinali nditakatsuka dzana lake. Payipi sinapindike paliponse. Madzi m'chitsime anali atatsikadi, ndiye ndinatsitsa dilamu kuti pampu iyandikire, pakuti achimwene anati izi sizikonda kukoka kuchokera pansi kuposa mamita awiri. Ndinayatsa. "Khwa-khwa-khwa-trrr." Palibe chasintha.

Ndinakhala pansi, manja m'mutu.

Sindinawamve akubwera. Ndinangoona mithunzi iwiri, wa munthu ndi wa nkhafi. Ababa ankachokera kunyanja, ndipo njira yawo sidutsa kudimba, ndiye musandifunse kuti anasochera bwanji. Anaima, osandipatsa moni, akuyang'ana dilamu.

"Tayatsanso."

Ndinayatsa. Anatseka maso. Kenako anatenga nkhafi, nsonga imodzi kuigunditsa pa mota, inayo kukhutu. Anamvetsera. Anaisuntha kuika pamutu wa pampu, kenako papayipi yotulutsa, kenako pa yokoka. Pamenepo anakhalitsa.

"Mtima wake uli bwino. Ikumeza mphepo."

Ndinati, "Ababa, ikanakhala yobooka bwenzi madzi akudontha. Onani, pouma paliponse."

Anandiyang'ana ngati mmene amayang'anira munthu amene wakwera bwato cham'mbali. "Bwato likabooka, madzi amatuluka kapena amalowa?"

Anzanga, ndinangoti kukamwa yasa. Mbali yotulutsa ikabooka madzi amathovoka, umaona. Koma mbali yokoka ikabooka sipadontha kanthu, imangoyamwa mpweya mwakachetechete. Ine ndinkafunafuna ponyowa.

Anatenga chikho chimene amakapira madzi m'bwato, natunga m'chitsime, n'kuyamba kuthira pang'onopang'ono pamfundo iliyonse pampu ikuyenda. Pamfundo yoyamba palibe. Yachiwiri palibe. Atathira pachivindikiro cha sefa, phokoso linati zii, kanabwerera "drrrr" kakale, madzi kumapeto kwa payipi n'kuwongoka. Atasiya kuthira, "khwa-khwa" uja wabwerera. Anathiranso, zii. Anachita katatu, ndikukhulupirira kachitatuko kanali kongondionetsa.

Titatsegula tinapeza kuti kalabala kozungulira kamene kamakhala m'chivindikiro kulibe. Pamenepo ndinakumbukira. Tsiku limene ndinkatsuka sefa, kanthu kakuda kanagwera m'matope, ine n'kuyesa chinyalala. Ndiye kuti amene anawononga pampu ndine ndemwe, chifukwa cha ukhondo kkkk. Ababa anatulutsa mpeni wawo wosokera ukonde, kudula kachidutswa ka chubu cha njinga chimene amamangira katundu, kukazungulitsa bwinobwino, kukalowetsa. Ndinkafuna kumanga ndi sipanala, iwo n'kundigwira dzanja. "Ndi manja basi. Pulasitiki ukaikakamiza imang'aluka, ndiye udzaliradi."

Madzi anabwerera, koma dilamu linkaimbabe. Apa ndiye pamene nkhani ya ku Cape Town inamveka. Pampu ili ndi timiyendo tinayi talabala toti tizimeza kunjenjemera. Ine ndinamanga mabawuti mpaka timiyendoto kuphwatalala, kenako thabwa n'kulikhazika pa dilamu lopanda kanthu. Ndinapanga ng'oma ndi manja anga. Achimwene akuti m'galimoto muja zinalinso choncho: anaikhomera pakabati kapulayiwudi pansi pa bedi, ndi mapayipi ouma ogunda khoma, ndiye munthu akadzuka usiku kukasamba m'manja galimoto lonse linkalira. Bwana anataya pampu yabwinobwino, kabati n'kuisiya.

Tinachotsa dilamu. Ababa anakumba pang'ono, kuyala chidutswa cha tayala lakale, thabwa pamwamba. Ndinamasulako mabawuti kuti labala lipume, ndipo pakati pa pampu ndi payipi youma ndinaikapo payipi yofewa yotalika ngati mkono, yokhota pang'ono, mbali zonse ziwiri. Tsopano ukaima pamzere wachisanu sumva kanthu.

Pali phokoso lina limene ndinalizindikira pambuyo pake, lija loti "trr, trr, trr", kuyaka ndi kuzima. Limabwera ukatsina payipi ndi chala kuti madzi afike patali. Pampuyi ili ndi switchi yoizimitsa yokha madzi akapanikizika, chifukwa m'galimoto imayenera kusiya munthu akatseka mpopi. Ukatsina imayesa watseka, imazima, kenako imayakanso, ndipo switchiyo ndi imene imatopa. M'magalimoto amaikamo kathanki kakang'ono kampweya kothetsa zimenezi. Ine ndinangosiya kutsina. Dilamu lija ndalikweza panjerwa, ndimapopera mmenemo, madzi n'kumatsika okha m'mizere. Komanso anaipangira kusamba ndi kutsuka mbale, osati kuyenda tsiku lonse, ndiye mota ikatentha moti dzanja silingakhalitsepo ndimaipumitsa. Amene mukufuna kuthirira ekala yonse, iyi si yanu, ndisakunamizeni. Ndi ya dimba laling'ono ngati langa.

Maluwa ena anayoyoka ndithu, makamaka mizere iwiri yakumtunda imene makheni sanafikeko masiku awiri aja. Otsalawo agwira. Ngongole ndabweza theka, ndipo amayi a ku banki m'khonde andipatsa mpaka pa 15.

Tsiku lija titamaliza, Ababa anasamba m'manja kupayipi, nthawi yaitali kuposa mmene manja amafunira. Kenako anayenda m'mizere, manja kumbuyo, akuwerama kuyang'ana masamba. Anati mzere wakumapeto ndabzala mothithikana. Ndinati ndamva, Ababa. Anatola nkhafi yawo n'kunyamuka, ndipo atafika pamtsinje anatembenuka.

"Chubu chija chinali chomangira nsomba. Ukagulitsa tomato undibwezere."

Dzulo anabweranso, akuti amafuna aone ngati kalabala kakugwirabe. Kakugwira. Anakhala mpaka dzuwa kupendeka, ndipo pochoka anathyola tomato anayi osandifunsa.