Ku London mlandu woimika galimoto sauthera pakamwa

Mlendo akafika ku London maso ake amathamangira m'mwamba, kuona nyumba zosanja, mabasi ofiira ndi nsanja ya Big Ben. Amene wakhalitsa, makamaka ngati ali ndi galimoto, amayenda atazolikitsa mutu, chifukwa malamulo a mzinda uno analembedwa pansi, m'mphepete mwa msewu. Mizere iwiri yachikasu ikuti usaimike galimoto pamenepo, usana kapena usiku, ngakhale Lamulungu. Mzere umodzi ukuti pali maola oletsedwa, koma maolawo ukawapeza pa kachikwangwani kokhomedwa pamtengo wachitsulo, mwinanso pa chikwangwani chimene unachidutsa kalekale polowa m'deralo. M'misewu ikuluikulu ngati Old Kent Road mizere yake ndi yofiira. Ikakhala iwiri, dalaivala wamba saloledwa ngakhale kuima kuti atsitse mlamu wake.

Palinso timabokosi tojambulidwa ndi penti yoyera. Tina ndi ta anthu okhala mumsewuwo amene ali ndi chilolezo, tina ta olipira, tina ta anthu aulumali, tina totsitsira katundu. Kabokosi kamodzi kamatha kukhala ka olipira m'mawa, madzulo n'kukhala ka eni dera. Ndiye poti mzindawu unagawidwa m'makhonsolo 33, iliyonse ndi maola ake, ungokhota ngodya imodzi malamulo asintha.

Zimenezi zinayamba kale. Mamita olipirira poimika galimoto anaikidwa koyamba ku Mayfair mu 1958, ndipo oyang'anira misewu anayamba kulemba anthu mu 1960. Lamulo la mu 1991 linachotsa ntchitoyi m'manja mwa apolisi n'kuipereka kumakhonsolo. Choncho lero ukalembedwa sunapalamule mlandu wokutengera kupolisi. Uli ndi ngongole basi, koma ngongole yake ndi yokula msanga ngati dzungu la pachulu.

Wolemba chindapusayo amayenda wapansi, atavala yunifolomu, ali ndi kamera ndi kamakina m'manja. Akamaliza amamata kathumba kapulasitiki kachikasu pagalasi lakutsogolo. Ife a kwathu kuno tikaona zotere mtima umatiuza kuti timuthamangire, timupatse moni, timufunse za kunyumba, kenako tiyambe kupepesa. Tinakula tikudziwa kuti nkhani imatha anthu akakhala pansi. Koma munthuyu akangosindikiza kapepalako alibenso mphamvu yokafufuta, ngakhale atakumverani chisoni chotani. Adzakuuzani mwaulemu kuti mulembe kalata, iye n'kumapita.

Ndalama zake si zamasewera. Kuyambira mu Epulo 2025, m'madera a chindapusa chokwera, cholakwa chachikulu monga kuima pa mizere yachikasu ndi mapaundi 160, ndipo chaching'ono monga kupitirira nthawi imene unalipira ndi mapaundi 110. Ukalipira pasanathe masiku 14 amakudulira theka. Mu Epulo yemweyo malipiro otsikitsitsa a munthu wamkulu anafika pa mapaundi 12.21 pa ola, ndiye kuti kapepala ka 160 kamadya thukuta la maola 13. Amalawi ambiri kuno amagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo, kuchoka khomo ili kupita lina pagalimoto tsiku lonse. Amenewo ndiwo amakumana ndi timathumba tachikasu kawirikawiri.

Mmodzi mwa iwo ndi mayi wina wa kumpingo kwathu. Anaimika galimoto m'kabokosi ka olipira kum'mwera kwa mtsinje wa Thames, analipira pafoni mpaka 11 koloko, n'kulowa kukasambitsa gogo wina. Gogoyo tsikulo anavuta kudzuka. Potuluka anapeza kathumba pagalasi. Usiku womwewo analemba kalata yoyamba kukhonsolo, masamba awiri athunthu: za gogoyo, za ana awo asukulu, za lendi, ndi kupepesa m'ndime iliyonse. Yankho linabwera lalifupi. Khonsolo inati yamva, koma chindapusa chikhalebe, ndipo inawapatsanso masiku 14 oti alipire theka, mapaundi 55.

Titaweruka mapemphero anandikokera pambali. “Achimwene, ndingolipira, nkhani ithe. Ndikalimbana nawo afika 110.”

Ndinati, “Mayi, tabweretsani kaye kapepalako ndi foni yanu tione.”

Pa kapepalako pamalembedwa nambala ya chindapusa, dzina la msewu, nambala ya cholakwa, ndi nthawi imene analembera. Panali 11:07. Lisiti la pafoni linkati nthawi yawo inatha 11:00. Kuyambira mu 2015, ku England galimoto imene yaima movomerezeka m'kabokosi ka khonsolo siyenera kulembedwa mpaka patadutsa mphindi 10 nthawi yake itatha. Mayiwa anali ndi mlandu wowina m'manja, koma m'masamba awiri aja sanatchulemo nthawi ngakhale kamodzi.

Apa m'pamene dongosolo la kuno limandinyansa pang'ono. Kuchotsera theka kuja amakutcha chifundo, koma kumagwiranso ntchito ngati nyambo. Ukalipira, nkhani yatsekedwa. Ukakana, theka lija limatha, ndipo ukaluza ulipira zonse. Munthu wa ndalama amatha kuyesa mwayi. Wosauka, ngakhale ali wolungama, amawerengera za mawa n'kugonja. Ndi angati amene analipira zimene sanayenera kulipira chifukwa cha mantha amenewa?

Mayiwa analimba mtima n'kudikira. Munthu akapanda kulipira pakatha masiku 28, khonsolo imafunsa ku DVLA, ofesi yosunga mayina a eni magalimoto imene ili ku Swansea, n'kutumiza chikalata chotchedwa Notice to Owner. Chikalatachi ndicho chimatsegula khomo lenileni la apilo, ndipo chimakupatsa masiku ena 28 oti uyankhe. Pamenepa abale athu ambiri amagwa m'mbuna, chifukwa timasamukasamuka osasintha keyala pa buku la galimoto. Makalata amapita kunyumba yakale. Chindapusa chimakwera ndi theka lina, 110 ija n'kukhala 165, kenako ngongoleyo imakalembetsedwa kukhoti ku Northampton, ndipo mwini wake amadzadziwira pamene anthu olanda katundu agogoda pakhomo, atawonjezerapo zawo.

Kalata yachiwiri tinalembera limodzi pathebulo la kukhitchini kwawo, ndipo sinadzaze ngakhale theka la tsamba. Pamwamba tinaika nambala ya chindapusa ndi ya galimoto. Kenako ziganizo zinayi: kuti analipira mpaka 11:00, kuti analembedwa 11:07, kuti mphindi 10 zinali zisanakwane, ndi kuti akupempha chindapusacho chifafanizidwe. Tinaphatikizapo chithunzi cha lisiti ndi cha kapepala kaja. Mayiwa ankafuna kuwonjezera mawu opepesa kumapeto, poti kwathu kalata yopita kwa akuluakulu yopanda kudzichepetsa ndi mwano. Tinagwirizana zongoyamba ndi moni n'kutsiriza ndi zikomo. Wowerenga kalatayo ali ndi mulu wa zinzake patsogolo pake, ndipo akufunafuna chinthu chimodzi: kodi pali chifukwa cha lamulo apa?

Zifukwa zimene lamulo limavomereza n'zowerengeka. Kuti cholakwacho sichinachitike, kuphatikizapo pamene chikwangwani chinali chobisika kapena mizere inafufutika. Kuti galimotoyo sinali yako pa tsikulo, kapena inabedwa. Kuti akulipiritsa zopitirira muyezo, kapena khonsolo yaphonya ndondomeko yake. N'chifukwa chake oyendetsa galimoto ozolowera akapeza kathumba sayamba ndi kukalipa. Amatulutsa foni n'kujambula chikwangwani, mizere ndi matayala galimoto isanasunthe.

Khonsolo ikakana kachiwiri, nkhani imachoka m'manja mwake. Uli ndi masiku 28 okadandaula ku London Tribunals, kumene amaweruza ndi maloya osalembedwa ntchito ndi khonsolo iliyonse. Kudandaulako n'kwaulere, ndipo ungasankhe kuti aweruze poona mapepala okha kapena ulankhulepo wekha. Koma nawonso amangidwa ndi lamulo. Zovuta za moyo wako pazokha sizingawachititse kufufuta chindapusa. Akaona kuti n'zazikulu amangolangiza khonsolo kuti iganizenso. Ndiye kuti chifundo, ngati ukuchifuna, uchipemphe kukhonsolo. Umboni ndi umene umayenda mpaka kumapeto.

Chenjezo limodzi kwa obwera kumene: si kathumba kachikasu kalikonse kamene kali ka khonsolo. M'malo oimika magalimoto a masitolo akuluakulu mumalemba makampani, ndipo apilo yake imayenda njira ina. Ena amati mapepala amenewo ungowataya. Barry Beavis, wogulitsa tchipisi, analimbana ndi chindapusa cha mapaundi 85 cha ku Chelmsford mpaka kubwalo lalikulu kwambiri m'dziko muno, ndipo mu 2015 analuza.

Mayi aja sanafike kwa maloya. Lamulo limapatsa khonsolo masiku 56 oti iyankhe kalata yachiwiriyi, ndipo ikapitirira, chindapusa chimafa chokha. Iwo ankadula masikuwo pakalendala ya kukhitchini. Envelopu inafika m'sabata yachisanu, ili ndi ndime imodzi yonena kuti chindapusa chafafanizidwa ndipo palibe choti alipire. Za mphindi zitatu zimene wolemba uja analephera kudikira, kalatayo sinanenepo kanthu.