Tsiku Limene Wailesi Inakana Mawu a Malume

Abale anga alimi, lero sindinena za feteleza kapena za dibi la ng'ombe ayi. Ndifuna kukuuzani za kanthu kakang'ono ngati chala, kamene anyamata amakatcha fulashi, ndi m'mene ndinatsala pang'ono kutaya chuma cha banja lathu.

M'chaka cha 2022 malume anga, poona kuti mphamvu zawo zikutha, anatiitana pakhonde natifotokozera malire a minda yathu: kuyambira pa mkuyu, kutsika ndi khwawa, kufikira pa chulu cha kudambo. Mphwanga anajambula mawuwo pa foni yake, nawasamutsira mu fulashi momwe munali nyimbo zathu za kwaya. Pambuyo pake foniyo inagwera m'chitsime, ndipo malume anatisiya m'chaka cha 2023. Tsono mawu aja anatsala mu fulashi mokha.

Chaka chotsatira panabuka mkangano wa malire pakati pa ife ndi anansi athu. Anyakwawa anati, "Bwerani nawo mawuwo timve tonse." Usiku woti mawa lake ndi mlandu, ndinalowetsa fulashi pa kabowo ka USB ka wailesi yathu. Nyimbo zinaimba bwino lomwe, koma mawu a malume osamveka. Ndinazula, ndinauzira, ndinabwezeramo, koma kunali zii. Tulo sindinatione.

M'mamawa ndinapalasa njinga kupita kumsika kwa mnyamata woika nyimbo m'mafulashi. Iye anati, "Bambo, fulashi yanu yadwala, tiifomate." Ine poyesa kuti kufomata ndiko kukonza, ndinati ndivomere. Mwamwayi mphunzitsi wina anali pomwepo, ndipo anandigwira mkono nati, "Musatero, bambo. Kufomata ndi kusesa nkhokwe yonse, osasiyamo ngakhale njere imodzi."

Tamverani zimene anandiphunzitsa. Wailesi ili ngati munthu wodziwa zinenero ziwiri zokha. Mawailesi ambiri amamva mawu osungidwa mwa mtundu wa MP3, ena amamvanso WMA. Koma foni pojambula kawirikawiri imasunga mwa mtundu wa M4A kapena AMR, ndipo mawu otumizirana pa WhatsApp ndi a mtundu winanso. Wailesi ikapeza mawu otere imangowalumpha ngati palibe. Mawu a malume anali momwemo, amoyo ndithu, koma m'chinenero chachilendo. Mphunzitsiyo anayamba wawakopera mu kompyuta, kenaka anawatembenuza kukhala MP3 nawabwezera mu fulashi. Anatinso kusintha dzina lokha sikuthandiza, monganso kulemba kuti mpunga pa thumba la mapira sikusandutsa mapirawo mpunga.

Chifukwa chake, inu amene muli ndi mawailesi otere, kumbukirani izi. Choyamba, ngati wailesi ikukana fulashi yonse, mwina chakanika ndi kakonzedwe kake ka m'kati. Mawailesi ambiri amafuna kakonzedwe kotchedwa FAT32, pamene mafulashi ambiri aakulu kuposa 32GB amabwera ndi kakonzedwe kena. Apo kufomata kumathandizadi, koma muyambe mwasamutsira zonse kwina. Chachiwiri, musazule fulashi pamene zinthu zili mkati molowa, pakuti zimalowa zoduka. Chachitatu, onani batire lanu. Masiku a mitambo sola sadzaza batire, ndipo wailesi yofooka imadula nyimbo pakati ngakhale fulashi ili bwino.

Mwina mufuna kudziwa m'mene mlandu unathera. Madzulo ake wailesi inaikidwa pakati pa bwalo, ndipo malume analankhula ngati ali pakhonde paja, mpaka amayi ena anapukuta misozi. Koma taonani, mawuwo anasonyeza kuti olakwa ndife, pakuti tinali titalowa mizere itatu m'munda wa anzathu. Tinabweza mizereyo popanda kuwiringula, ndipo lero timapalana moto monga kale.

Pomaliza ndinena kuti, mlimi wanzeru sasunga mbewu yake yonse m'chikwatu chimodzi. Mawu a malume tsopano ali mu mafulashi awiri, ina kwa ine, ina kwa mlongo wanga. Inunso chitani chimodzimodzi ndi mawu a makolo anu, ndipo chinthu chikakuvutani funsani musanavomere, pakuti safunsa anadya phula. Tsalani bwino.