Sola pa denga la minibasi, m'mapiri a Mvera

Minibasi ya alamu anga inasiya kalekale kunyamula anthu. Ndi Toyota Hiace yakale, mtundu womwe uja umathamanga pakati pa Lilongwe ndi Salima, koma iwo anazulamo mipando ya kumbuyo n'kuikamo bedi, kabati ndi kafiriji. Padenga anamangirira masola awiri, lililonse la mawati 100. Atanena zokagona ku Mvera mwezi wa June ndinavomera msanga, makamaka pofuna kuona ngati kafirijiko kangafike m'mawa kakulirabe.

Titapitirira Kanengo tinakhotera msewu wa ku Salima, wa M14. Pa Chezi tinagula tomato ndi mbatata, kenako msewu unayamba kukhotakhota pakati pa zitunda. Titafika pa Mvera tinasiya tala n'kulowera ku mishoni. Apa ndi pomwe A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa, anakhazikika mu November 1889, m'dziko la mfumu Chiwere. Sinodi ya Nkhoma ya CCAP mizu yake ili pano. Iwowo anayamba ndi tenti. Ife tinafika ndi firiji, ndipo mkangano wathu woyamba unali wa poimika galimoto.

Ine ndinaloza mtengo wa mango wa mthunzi wabwino. Alamu anapukusa mutu. Timagawo ta mkati mwa sola timalumikizana mondondozana, choncho nthambi imodzi ikaphimba pakona, mphamvu ya sola lonse imatsika kwambiri. Komanso mu June dzuwa limadzera chakumpoto, silifika paliwombo ngati mu October. Anaimika galimoto pambalambanda, nakwera pamakwerero ndi kansalu konyowa. Fumbi la kamsewu kakafupi kaja linali litakuta kale galasi lonse, moti chala chinkalemba.

Ana amene anatizungulira maso awo anali padenga. Anthu ambiri amatero, koma ndalama imathera pansi pa bedi, pomwe pali batire. M'galimotomu muli mabatire awiri. La injini ntchito yake ndi kuliza galimoto basi. Linalo, la mtundu wa deep cycle la 100Ah, ndi la firiji, nyali ndi mafoni. Pakati pawo pali kachipangizo kowalumikiza injini ikamalira ndi kuwalekanitsa ikazima, kuti firiji isamwe moto woyatsira galimoto usiku. Papepala batire limeneli limasunga pafupifupi 1,200Wh, koma la asidi ngati ili sulikama kupitirira theka ngati ukufuna likhalitse. Alamu amaliyeza litapuma: 12.7V ndiye kuti ladzaza, 12.2V lafika pakati. Likamagonera pansi pa 12V kawirikawiri, mapuleti amkati amachita nkhungu yolimba ya sulphate, ndipo silidzadzazanso ngati kale.

Madzulo tinabwerera pamsika wa pamsewu kukafuna makala. Mnyamata wina wotchaja mafoni, amenenso amameta, ataona masola athu anatikodola.

"Bwana, tandionereni batire langali. Lachiwiri chaka chino."

Alamu ananjuta. Linali batire la galimoto wamba, ndipo mawaya ochokera pa sola ya padenga la okala analunjika pa batirepo, popanda controller, kachipangizo koletsa batire kutchajidwa mopitirira muyezo. Masana onse linkangowira, madzi n'kumaphwa. Pamitu pake panali ufa woyera wobiriwirako.

"Achimwene, madzi mumathira anji?"

"A pamjigo, bwana. Ndi oyera bwino."

Oyera m'maso, inde, koma madzi a pamjigo ali ndi mchere womwe umaononga mapuleti. Ofunika ndi madzi a batire enieni, a m'mabotolo aja ogulitsidwa pa filing'i siteshoni, ndipo amathiridwa pongomiza mapuleti. Asidi saonjezera, chifukwa chimene chimauluka ndi madzi. Alamu anatsuka mituyo ndi soda wophikira therere, napakapo girisi pang'ono. Anamuuzanso kuti akagula controller ayambe walumikiza batire, sola pambuyo, aike fyuzi pafupi ndi batirelo, ndipo asamalisunge m'kabokosi kotseka, pakuti likamatchajidwa limatulutsa mpweya woyaka. Mnyamatayo anadandaula za mtengo. Ine ndikuona kuti controller wotchipa wa PWM akanamupulumutsira ndalama ya batire lachiwirilo. Wa MPPT, ngati wa alamu, amafinya mphamvu yochulukirapo pa sola lomwelo, koma pa okala yometera si wofunika kwenikweni.

Sitinamuseke ayi. M'midzi yonse yomwe tinadutsa, timasola tayedzamira pamadenga a udzu, ndipo ogulitsa ambiri amangopereka sola, za batire osanenapo kanthu. Chonsecho ngakhale malo aakulu opangira magetsi a dzuwa ku Golomoti, a mamegawati 20, anawaikira mabatire, chifukwa dzuwa likalowa ndi pamene anthu amafuna kuyatsa.

Usiku kunazizira kwambiri, ndipo kuzizirako kunatithandiza, pakuti firiji inkalira mwa apo ndi apo. M'mawa mita inaonetsa 12.4V. Alamu ananyadira, ine ndinawakumbutsa kuti ku Senga Bay mu October firijiyo singapume chomwecho. Anavomera, nati ndi chifukwa chake akusunga ndalama ya batire la lithium, lomwe limalola kulikama mozama ndipo silifuna madzi.

Ulendo wina, wa ku Ntchisi, unatiyesa mwanjira ina. Msewu wafumbi wokwera ku nkhalango ya Ntchisi unagwedeza chilichonse, ndipo kumtunda tinapeza nkhungu itakuta phiri. Masola ankangodontheza moto pang'onopang'ono. Chimene chinadzaza batire tsiku limenelo ndi injini. Titaima, nyali ya mkati inkaphethira. Alamu anatukula matiresi, n'kupeza nati ya pamutu pa batire itakhwepa ndi mabampu aja.

"Alamu, tandipatsireni sipanala ya 10 m'kabatimo," anatero, "mubwerenso ndi tochi."