Ntchito Yanga pa Zikope za Makanda

Ntchito yanga ndi ya maso, ndipo ndinaiphunzira ku Chainama mu Lusaka. Koma mbali yake imene ndifuna kukusimbirani, imene imalira manja odekha koposa zina zonse, ndiyo yopima zikope za makanda amene amayi a ku Chanyanya amadza nawo kusikelo, ena kuchokera m'midzi ya alimi, ena kuchokera m'misasa ya asodzi m'mbali mwa mtsinje wa Kafue.

Pali chotupa china chofewa chimene madokotala amachitcha hemangioma. Mwana amabadwa nkhope ili see, kapena ali ndi kadontho kosadetsa nkhawa. Atatha masabata awiri kapena atatu kadontho kaja kamafiira, pakhungu lakuda kamaderako, kenaka kamatukumuka, ndipo m'miyezi isanu yoyamba kamakula mofulumira kotero kuti mayi amasowa tulo. Chotupachi si khansa, ndiponso palibe mlandu wa mayi kapena wa munthu wina pamudzi: ndi timitsempha ta magazi timene tachulukana ndi kupiringizana pamalo amodzi, makamaka mwa ana aakazi ndi obadwa masiku asanakwane.

Zida zanga nzochepa: tochi, tepi yoyezera, sikelo ndi chala changa chachikulu. Ndikasamba m'manja, mwana ali pamiyendo pa amake, ndimatsindika chotupacho pang'onopang'ono, ndipo magazi amathawa, pamalopo nkuyererako, ndikachotsa chala amabwereranso. Mwana akalira chimafufuma. Ndikatero ndimayeza kukula kwake ndi kulemba m'buku, kuti mwezi wamawa ndisadalire chikumbumtima. Koma pamene pagona luso lenileni mpakuti: kodi chikope chatsika kufikira kuphimba kamwana ka m'diso? Apa sipafuna liwiro, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Ndimadikira khandalo litonthole, ndiphimbe diso limodzi ndi chikhato, kenaka linalo. Likalola kuphimbidwa diso lotupalo koma nkukana ndi mphamvu ndikaphimba labwinolo, ndimadziwa kuti lotupalo layamba kale kufooka.

Chifukwa chake nchakuti munthu sabadwa akudziwa kupenya, koma ubongo umaphunzira m'miyezi yoyambayo kuchokera ku zimene diso lililonse liutumizira; ndipo diso limene latsekedwa, kapena limene chotupa chalikanikiza mpaka kuona zinthu mwachimbuuzi, ubongo umalinyalanyaza. Chotupacho chimayamba kuphwa chokha mwana akapitirira chaka, ndipo pofika zaka za sukulu zambiri zimakhala zitatha. Chotero amene amanena kuti chidzatha chokha sanama ayi. Chokhacho nchakuti chidzatha diso litaiwala kale ntchito yake. Mmera mpoyamba. Chikakhala pamsana kapena pamwendo tikhoza kudikira, koma chapachikope sindidikira nacho.

Mwana wotere ndimamulembera kalata ya ku chipatala cha Kafue, ndipo pakafunika amapitirira ku chipatala cha maso cha UTH ku Lusaka. Kale chithandizo chinali chowawa, jakisoni kapena mpeni. Koma m'chaka cha 2008 madokotala a ku Bordeaux m'dziko la France, motsogozedwa ndi Christine Léauté-Labrèze, analengeza kuti propranolol, mankhwala akale a mtima ndi kuthamanga kwa magazi, amaphwetsa zotupazi. Amayamba nawo ndi dokotala atamvetsera mtima ndi chifuwa cha mwana. Gawo langa ndilo kumukweza pasikelo mwezi ndi mwezi, popeza muyezo umatsata kulemera, ndi kuphunzitsa amake kuti azimwetsa mwana atayamwa, nalekeze ngati akukana bere, akusanza kapena akubanika, chifukwa shuga wa m'magazi angatsike.

Diso lotupalo likafooka, chovuta kufotokoza ndicho kumata diso labwino maola angapo patsiku. Agogo amandifunsa, ndipo funso lawo nlanzeru: "Mwana wanga, mutsekeranji diso lamoyo?" Ndimayankha ndili chogwada kuti, "Agogo, tikatseka lamphamvuli, lofookali limakakamizika kugwira ntchito, ndipo pogwira ntchitopo limalimba."

Lilipo banga lina losiyana ndi ili, losatukumuka, limene mwana amabadwa nalo pamphumi ndi pachikope, ndipo silitha. Limenelo nthawi zina limadza pamodzi ndi matenda a glaucoma; diso likayamba kukula, kulengeza misozi ndi kuopa kuwala, ulendo wa ku Lusaka ukhale wa sabata lomwelo.

Tsono ndikupemphani, makolo anzanga: musateme mphini pachotupa cha hemangioma chija, pakuti m'kati mwake ndi magazi okhaokha, ndipo chilonda chake chimasiya chipsera chimene chotupacho sichikadasiya; ndiponso musathiremo madzi a zitsamba. Ndipo inu a kumisasa, musadikire kuti usodzi utsekedwe mu Disembala kuti mutuluke naye mwana. Mukaona chikope chikutsika, kwerani bwato mubwere naye kusikelo mwezi womwewo.